Penti wa pa kabaza nayenso ndi luso, asafe ndi masitika tikuona

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndilankhuleko za ntchito yomwe anthu ambiri saiwerengera nkomwe, ntchito yolemba ndi kujambula ndi penti pa njinga za kabaza, pa ngolo, pa makoma a mashopu ndi pa zikwangwani. Ineyo ndimadyera momwemu kuno kwa Kamwendo, ndipo chomwe chandilembetsa ndi choti achinyamata ofuna kuphunzira ntchitoyi alipo ndithu, amabwera kudzaima pambali ndikamagwira ntchito, koma njira yoti munthu adzere mpaka kukhala mmisiri weniweni ikutsekeka pang'onopang'ono ndipo palibe akuyankhulapo.

Ndiyambire kutali pang'ono, mundipirire. Mu Disembala 2023 a UNESCO anakumana ku Kasane, ku Botswana pompa apa, ndipo anaika marikisho a mumzinda wa Dhaka ku Bangladesh pamodzi ndi zojambula zake pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu chofunika kuchisunga. Ndi mndandanda womwe uja pali Gule Wamkulu wathu ndi Vimbuza, pali Tchopa ya Alhomwe yomwe inalowa mu 2014, komanso nsima yomwe inalowa mu 2017. Ndiye tangoganizani, penti wa pa njinga ali pa mzere umodzi ndi gule. Kwa amene simunaionepo rikisho, ndi kabaza basi, kungoti ili ndi mateyala atatu, wopalasa amakhala kutsogolo, kumbuyo kuli mpando wokwana anthu awiri ndi kadenga kopinda kotchinga dzuwa ndi mvula. Njingazi zinafika ku Dhaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo kuzikongoletsa kunakula kwambiri kuyambira m'ma 1950. Palibe malo omwe amawasiya opanda kanthu, mpando, kadenga, felemu, zonse maluwa okhaokha ndi tinsalu tolendewera, koma chithunzi chenicheni chimakhala pa kachidutswa ka lata, kalata kamene amakakhomera kumunsi kumbuyo, pakati pa mateyala. Pamenepo ndiye pamakhala mbalame ya pikoko, Taj Mahal, mzikiti, mudzi wokhala ndi mtsinje ndi bwato, nkhondo yawo yomenyera ufulu ya 1971, ndi nkhope za akatswiri a mafilimu zofiirira kwambiri maso aakuluakulu.

Satifiketi ya UNESCO ineyo sikuti yanditenga mtima kwambiri ayi. Chandigwira ndi m'mene munthu amakhalira wojambula kumeneko, chifukwa ndi chimodzimodzi ndi kwathu kuno. Anthu aja sanapite ku koleji ya zojambula. Pali amisiri opanga rikishoyo, amenewa amaphunzitsa anyamata pa malo antchito pomwepo, ndiye pali ojambula, omwe amagwira ntchito akapatsidwa oda ndipo luso lawo amasiyira ana awo ndi achibale, amuna ndi akazi omwe. Mwana amayamba ndi kutsuka maburashi, kenako kupaka penti woyera wa pansi, kenako amamulola kudzaza masamba a maluwa, nkhope ya munthu amadzaigwira pambuyo pake penipeni. Mayina ngati R.K. Das, mmodzi mwa akuluakulu oyambirira a lusoli, anatchuka kudzera pa msewu, anthu kumaona dzina lake pakona ya kalata kaja rikisho ikudutsa.

Nanensotu ndinadzera njira yomweyo kwa malume anga, omwe ankalemba zikwangwani kuyambira pa boma mpaka ku Mkanda ndi kwa Kapiri uko. Poyamba burashi sankandigwiritsa. Ntchito yanga inali sandipepa, kupala lata mpaka dzimbiri lonse lichoke, kupukuta ndi kansanza konyowetsa ndi palafini, kupaka andakoti, kudikira. Kudikirako ndiye sukulu yeniyeni, chifukwa penti wa mafuta sathamangitsidwa, ukapaka wachiwiri woyamba asanaume amakwinyika ndipo ntchito yonse yapita. Atakhutira ndi zimenezo ndi pomwe anandipatsa choko kuti ndizilemba mizere ndi kugawa malo a zilembo. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera. Munthu amayamba ndi zilembo zikuluzikulu mosangalala, pofika kumapeto malo atha, ndiye zilembo zotsalazo zimapanikizana pakona, mwaonapo inu zikwangwani zotere m'misikamu. Mmisiri amawerenga zilembo kaye, kupeza chapakati, n'kuyambira pamenepo kupita uku ndi uku, ndipo amadziwa kuti I sadya malo ofanana ndi M kapena W. Mitundu amayamba ndi yowala, wachikasu, wofiira, wobiriwira, wakuda amabwera pomaliza kudzadula m'mbali, ndipo mzere wakudawo amaukoka kamodzi mpweya ataugwira, kachala kakang'ono katatsamira pa lata kuti dzanja lisanjenjemere. Burashi yopyapyala yodulira malume ankapanga okha, ubweya wa kumchira kwa mbuzi kumangirira ndi ulusi mu kachubu ka bolopeni yakutha. Ndipo kuno ku Mchinji mdani wamkulu ndi fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa sungapake masana pafupi ndi msewu, thiraki imodzi yochokera ku Mwami ikangodutsa penti yense wasanduka sandipepa, ndiye umagwira m'mamawa kusanachite mphepo kapena kuseri kwa nyumba utawaza madzi pansi. Zimenezi palibe buku lomwe linalemba, umazitola uli pambali pa munthu.

Koma mmisiri yekha sangapange wojambula. Pamafunika wina wachitatu, amene amatulutsa ndalama. Ku Dhaka opalasa ambiri rikisho si yawo, amabwereka kwa eni ake omwe amakhala nazo zambiri ndipo amalipira tsiku ndi tsiku, monga amachitira anyamata athu ena a kabaza amene amapereka ya bwana madzulo alionse. Ndiye amene amaitanitsa zokongoletsa ndi mwini wakeyo, pofuna kuti zake zioneke pakati pa zinzake, dzina lake lidziwike, wokwera aloze yake. Oda ikamabwera tsiku ndi tsiku mmisiri amalephera kumaliza yekha, ndiye amatenga mwana woti azimuthandiza, mwanayo pothandiza amaphunzira. Oda ikasiya kubwera mmisiri safuna wothandiza, azimudyetsa chani? Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse imene ndikufuna owerenga aimve. Anthu amakonda kunena kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi safuna ntchito zamanja, koma mwana aphunzira bwanji pomwe mphunzitsi wake naye wangokhala pa khonde kudikira kasitomala?

Ndipo kasitomala anapita kuti tikudziwa. Anapita ku makina osindikiza. Pano munthu akatsegula saluni kapena kagolosale amatumiza mawu pa WhatsApp kwa mnyamata wa kompyuta, mawa lake bena yabwera pa minibasi kuchokera ku Lilongwe, ili ndi chithunzi cha mzimayi wa kunja yemwe tsitsi lake palibe angaluke kwa Kamwendo kuno. Wakabaza naye amagula sitika ya timu ya ku England n'kumata pa madigadi, yatha. Ku Dhaka nako kulira ndi komweku, mapepala ndi malata osindikiza pa makina ndi otchipa ndipo amatuluka ambirimbiri nthawi imodzi, kuonjezera apo kwadzaza marikisho oyendera batire omwe ambiri sakongoletsedwa ngati akale aja, moti ojambula ambiri anathawira kopenta maketulo, timabokosi, magalasi a m'maso ndi zovala n'kumagulitsa kwa anthu a m'tauni ndi alendo. Satifiketi inabwera inde, koma siinabweze oda ya pa msewu. Ife alendo ogula ketulo yamaluwa tiwapeza kuti kuno? Amene amadutsa pano amakhala ali pa liwiro kuthamangira ku Chipata ndi ku South Luangwa, saima.

Sindikunena kuti makina ndi oipa, nane ndikafuna kapepala ka ukwati ndimapita komweko. Koma tiyeni tinene zoona pa nkhani ya kulimba. Bena ya pulasitiki ikakumana ndi dzuwa la Okutobala ndi mvula imodzi imayera, wofiira amasanduka pinki, kenako mphepo imaing'amba m'makona momwe munadutsa misomali. Sitika pa madigadi imayamba kutukuka m'mbali ikangolawa matope ndi sopo. Penti wa mafuta wopakidwa bwino pa lata lopalidwa bwino amakhala zaka, ndipo akayamba kufwifwa mmisiri amangobwera kudzadzutsa mitundu pa mtengo wochepa. Wogula amaona kutchipa kwa lero basi. Komanso ife amisiri tili ndi vuto lathu la mtengo, penti ndi tinala zambiri zimadalira zinthu zochokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kachitini kakang'ono komwe kanakwera moti ukamutchulira wakabaza mtengo amangoseka n'kukwera njinga yake. Sindimudandaula, iyenso akulimbana ndi njinga zamoto zomwe zamulanda makasitomala a mitunda italiitali.

China chomwe chimandipweteka mtima, ndipo ndinene mosatchula dzina, ndi makampani aja amabwera kudzapenta mashopu mwaulere ndi mitundu yawo. Mwini shopu amakondwa poti khoma lake lapakidwa osalipira kanthu, sindingamuletse. Koma pansi pa penti ameneyo pakukwiririka zinthu. Panali tiyirumu ina pamsewu wopita ku boma yomwe pakhoma pake panali bambo wa chipewa akuthira tiyi kuchokera m'mwamba, nthunzi ikukwera mopotana, pambali pali sikono yolumidwa kamodzi mano akuoneka, anajambula mkulu wina amene anatisiya kale. Lero khoma lonse ndi mtundu umodzi ndi nambala ya foni. Palibe anaijambulako ngakhale pa foni. Ndipo anyamata omwe amabwera kudzapentawo amachokera kutali ndi masitensulo awo odulidwa kale, wa pompano sapatsidwako ngakhale kugwira makwerero.

Ena anena kuti aaa, zolemba pa kabaza ndi luso ngati? Luso ndi la ku Mua, kwa Kungoni komwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kapena zojambula za makolo pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza zomwe UNESCO inazizindikira mu 2006. Zimenezo ndi luso ndithu ndipo ndimazilemekeza. Koma taonani za Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania. Munthuyu anayamba kujambula mu 1968 ku Dar es Salaam ndi penti wa njinga yemweyu pa timabolodi ta siling'i, analibe sukulu ya zojambula, anamwalira mu 1972 atangojambula zaka zochepa, koma poti anali ataphunzitsa achibale ake ochepa lero dzina lake ndi mtundu wa zojambula wodziwika dziko lonse, ndipo anthu ambirimbiri akudyera momwemo. Ku Nairobi maminibasi awo opentedwa, omwe amawatcha matatu, anthu amachita kusankha yokwera potengera zojambula. Ku Pakistan ndi mathiraki. Konseko zinayamba ndi munthu wamba, chitini cha penti ndi mwini galimoto wofuna kuoneka.

Ndipo zojambula za pa msewu zimayankhula zomwe pakamwa pangaope. Ku Bangladesh kunali nthawi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pomwe kujambula nkhope za anthu pa rikisho kunkabweretsa mavuto chifukwa cha nkhani za chipembedzo ndi ndale. Ojambula sanasiye ntchito, anangotembenukira ku nyama, kumajambula mikango, akambuku ndi ankhandwe akuchita za anthu, ena akuongolera magalimoto pamsewu ena ali pa phwando. Mchewa aliyense amene anakula ndi nthano za kalulu, kapena amene anaonapo m'mene gule amatsanzirira mzungu, wapolisi kapena woledzera pabwalo, sangafune womumasulira pamenepa. Kwathu kuno liwu lotere lili pa kalata ka kumbuyo kwa kaliyala ndi pa chikopa cholendewera ku madigadi. Wina amati ndilembereni Kuthamanga Sikufika, wina Zonse Ndi Nthawi, wina Nsanje Siipindula, wina dzina la mwana wake woyamba, wina vesi, ndipo ukamufunsa chifukwa chake amakuuza nkhani yonse ya moyo wake uku iwe ukusakaniza penti. Wa Bullets amafuna wofiira, wa Noma amakana ngakhale kadontho kofiira pa njinga yake kkkk. Sitika yochokera ku fakitale siidziwa kuti mlamu wake wa munthuyu anamunena kuti sadzagula njinga.

Pajatu akabaza athu kukongoletsa amakukonda kale, osawaphunzitsa. Taonani khushoni yosokedwa bwino ndi mphonje m'mbali, tizitsulo topondapo wokwera, kogwirira kumbuyo kwa chishalo, magalasi awiri kapena anayi, mabelu, timikanda ta pulasitiki m'masipoko, ena mpaka kawailesi. Wowotcherera amapangapo ndalama, telala wa khushoni amapangapo ndalama. Wa penti yekha ndi amene akutsalira, pomwe ndi iyeyo angapangitse njinga ya ku Mchinji kusiyana ndi ya ku Salima kapena ya ku Chipata.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo silofuna ndalama za ma dona. Magulu a kabaza m'masiteji mwathu, kwa Kamwendo, pa boma, ku Waliranji, ku Mkanda, ambiri ali ndi makomiti ndipo amapatsana manambala. Bwanji komiti ikamagwirizana zoti njinga iliyonse ikhale ndi nambala, inene kuti nambalayo ilembedwe pamanja ndi mmisiri wa pamalopo, pa kalata kokulirapo pang'ono kuti pakhale malo a duwa, nsomba, tambala kapena mawu omwe mwini wake akufuna? Zithandizanso pa chitetezo, wokwera amaiwala nambala koma saiwala kuti anakwera njinga ya tambala wofiira, ndipo wakuba amavutika kugulitsa njinga yomwe siteji yonse ikuidziwa. Oda ya siteji imodzi yokha ndi yokwanira kuti mmisiri atenge mwana mmodzi kapena awiri. Chimodzimodzi masukulu, mipingo, mizikiti, makalabu a alimi a mtedza ndi soya, mukafuna chikwangwani yambani mwafunsa wa pafupi musanatumize ku tauni. Mapu a Malawi ndi chithunzi cha mtima kapena duwa pa khoma la sukulu ya pulayimale, zija tinkaphunzirira ife, anajambula ndi anthu ngati ife.

Kwa a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, omwe akhalapo kuyambira 1999 ndipo amadziwa kale zoti anthu ambiri amaphunzira ntchito kwa amisiri m'makwalala, pempho langa ndi loti muganizireko zolemba zikwangwani ndi kujambula ngati ntchito payokha, osangoiphatikiza ku zopenta nyumba. Kupaka khoma ndi rola ndi kudula chilembo ndi burashi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mwana amene wakhala zaka pambali pa mmisiri atayesedwa n'kupatsidwa kapepala, akhoza kukapikisana nawo pa ntchito za ku khonsolo ndi za mabungwe komwe amafunsa mapepala asanaone dzanja lako. Kumusandutsa wa m'kalasi ayi, asiyeni aphunzire pomwe pali fungo la tinala, inu mungobwera kudzaona zomwe akutha.

Makolo nanunso. Mwana amene amadzaza kumbuyo kwa kope ndi zithunzi za magalimoto ndi nkhope za aphunzitsi musamangomukalipira kuti akuononga kope. Sukulu apitirize, chifukwa wolemba zikwangwani wosadziwa sipelo ndi tsoka, amalakwitsa pa khoma pomwe mudzi wonse ukuwerenga. Koma Loweruka ndi pa holide mutumizeni kwa mmisiri akapale malata. Ndipo ndanena kale kuti ku Dhaka akazi amajambula nawo, kuno sindikudziwa anatiuza ndani kuti burashi ndi ya amuna, pomwe amayi athu ndi amene akhala akutsutsuta ndi kukongoletsa makoma a nyumba ndi dothi lamitundumitundu chikhalire, mizere yowongoka popanda rula. Mtsikana wina amene amabwera kudzaonerera kuno dzanja lake ndi lokhazikika kuposa anyamata onse amene ndawayesapo, koma kwawo akuti akaphunzire zosoka poti za penti adzakwera makwerero pagulu.

Amisiri anzanga, ifenso tisamabise luso ngati mankhwala. Ndikudziwa mantha ake, umuphunzitse lero mawa akatsegule pafupi nawe n'kutsitsa mtengo. Zimachitika. Koma tiyambenso kusaina ntchito zathu pakona, dzina ndi malo, monga amachitira anzathu a marikisho, kuti amene wakonda adziwe kokafunsa, ndipo wogwira ntchito yosalongosoka achite manyazi ndi dzina lake lomwe.

Pomaliza akonzi, inu muli ndi atolankhani ojambula zithunzi. Tsiku lina akamapita kukatola nkhani ku boda ya Mwami, kapena kumapeto kwa Ogasiti akamaperekeza anthu opita ku Kulamba ku Mkaika, muwauze aziima m'matauni ang'onoang'ono a mu msewu wa M12 ajambule makoma a mabala, mabutchala, malo ometera ndi kumbuyo kwa njinga za kabaza, afunse kuti anapenta ndani, alembe dzina, muzitulutsa chimodzi pa sabata pa tsamba la zachikhalidwe. Akafika kwa Kamwendo afunse pa siteji ya kabaza, anyamata awalozera pomwe ndimakhala, ndipo ndidzawatengera kwa akuluakulu awiri amene anasiya ntchitoyi chifukwa cha maso koma akukumbukira khoma lililonse lomwe anagwirapo.

Ine wanu,
Wolemba zikwangwani
Kamwendo, Mchinji